Dzuwa Litalusa mu 774, Mboni Inali Mtengo

Sabata ino ndabwera ndi mbiri, koma si ya mafumu kapena ya nkhondo ayi. Ndi mbiri ya dzuwa, ndipo amene anaisunga si munthu koma mtengo. Ndikunena mtengo wa m'nkhalango, osati uja timanenererana pamsika.

Amene munaonapo chitsa chodulidwa ndi sowo mukutidziwa timizere tozungulira tija. Kumene mtengo umasiya kukula nyengo ina ya chaka, kamzere kamodzi ndi chaka chimodzi. Kuno kwathu si mitengo yonse imaonetsa bwino, ngakhale mlombwa umaonetsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, katswiri wa zakuthambo Andrew Douglass wa ku Arizona anayamba kuwerenga timizereti. Chimene ankafuna ndi dzuwa. Anthu anali atadziwa kale kuti pankhope ya dzuwa pamatuluka mawanga akuda, amene amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndiye iye ankati mwina kunenepa ndi kuwonda kwa timizere kukutsatira zomwezo. Pamenepo sizinamuyendere kwenikweni. Koma anatisiyira njira yodziwira chaka chenicheni cha kamzere kalikonse, polumikiza mitengo yamoyo ndi mitanda ya nyumba zakale.

Dzuwalo linali mumtengo momwemo, kungoti osati m'kunenepa kwa mzere. Linabisala mu kaboni.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa mukapaphonya zotsatirazo sizimveka. Usana ndi usiku, tinthu ting'onoting'ono tothamanga koopsa timachokera kutali m'mlengalenga n'kumawomba mpweya wa dziko lathu. Kuwombanako kumasandutsa naitirojeni wina kukhala kaboni wa mtundu wapadera, amene amati kaboni 14. Ameneyu amasakanikirana ndi mpweya umene masamba amakoka, mtengo n'kumumangira mu mzere wa chaka chimenecho. Chaka chikatha, mzerewo watsekedwa basi, ngati tsamba la m'kope la ngongole limene ladzadza. Kaboniyu amatha pang'onopang'ono, theka pa zaka 5,730, choncho akatswiri amatha kuwerengera chobwerera n'kudziwa kuti chaka chakuti analipo wochuluka bwanji.

Nanga dzuwa likubwera pati? Likakhala ndi mawanga ambiri, mphamvu yake ya maginito imakula n'kumatchinga tinthu tija, kaboni 14 amapangika wochepa. Likazizira mtima, tchingo limafooka, kaboni amachuluka. Zimamveka zotembenuka eti, koma zili choncho.

Umboni woyamba waukulu unali wa dzuwa lofatsa. Pakati pa 1645 ndi 1715, anthu a ku Ulaya oyang'ana dzuwa ndi telesikopu ankapeza mawanga ochepa zedi. Walter Maunder wa ku Greenwich analemba za zimenezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma ambiri sanamulabadire. Ankaganiza kuti akalewo sankayang'ana bwino. Mu 1976 Jack Eddy wa ku America anaika zolemba zakalezo pambali pa kaboni wa m'mitengo, ndipo zinagwirizana: zaka zomwezo kaboni 14 anakwera. Akale aja sananame. Ndipo poti anthu anayamba kuona mawanga ndi telesikopu cha m'ma 1610 pomwepa, za m'mbuyo mwakemo tikudalira mitengo ndi madzi oundana.

Koma ine yandigwira mtima ndi ya Fusa Miyake, mtsikana wa ku Japan amene panthawiyo anali akadali wophunzira pa yunivesite ya Nagoya. Anzake ambiri ankayeza timizere khumi pamodzi, monga kugulitsa pamulu. Iye anatsika n'kumayeza zaka moyandikana, pa mikungudza yakalekale ya pachilumba cha Yakushima. Ntchito yotopetsa, yopala timizere topyapyala. Ndiye anapeza kuti pakati pa 774 ndi 775 kaboni 14 analumpha ndi 1.2 peresenti. Musaichepse nambalayi, ndi pafupifupi kuwirikiza ka 20 kusintha kwa masiku onse. Zinatuluka mu magazini ya Nature mu 2012.

Ena anayeza mitengo ya ku Germany, ena ya ku New Zealand, ndipo anapeza kulumpha komweko m'zaka zomwezo. Madzi oundana a ku Greenland ndi Antarctica nawonso anavomereza. Poyamba anthu anatsutsana, ena amati ndi nyenyezi imene inaphulika. Lero ambiri akuti linali dzuwa lenilenilo. Apa silinatchinge ayi, linalavula lokha tinthu tothamanga tochuluka mwakuti tinapanga kaboni 14 wambiri nthawi imodzi.

Anthu a nthawiyo anaona chiyani? Buku la mbiri la ku England lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle limatchula mtanda wofiira umene unaoneka kumwamba dzuwa litalowa, cha m'zaka zomwezo. Ambiri amaikonda nkhani imeneyi, koma kwa ine ndi mboni yofooka. Olemba a nthawiyo chilichonse cha kuthambo ankachitenga ngati malodza, ndipo zaka m'makope awo zimasemphana. Mtengo ulibe zimenezo. Suopa malodza, sukometsera mfumu.

Miyake ndi anzake anapezanso kulumpha kwina kwa mu 993, ndipo kumeneku kunamasula mfundo ina imene inavuta kalekale. Ku L'Anse aux Meadows, ku Newfoundland m'dziko la Canada, kuli mabwinja a ma Viking, amalinyero a kumpoto kwa Ulaya. Zoti anafikako zinkadziwika, koma chaka chenicheni ayi. Akatswiri a ku yunivesite ya Groningen anatenga zidutswa zitatu za mitengo zodulidwa ndi chitsulo, chimene eni dera sankagwiritsa ntchito nthawiyo. Anapeza mzere wa 993, n'kuwerenga kuchokera pamenepo mpaka kukhungwa. Zonse zitatu zinapereka 1021. Ndiye kuti nkhwangwa ya ku Ulaya inali italira kale kumeneko zaka 471 Columbus asanawoloke nyanja.

Mwina wina akuti, zakale zimenezi zitipatsa ndiwo? Tamvani. Pa 1 Sepitembala 1859, Richard Carrington wa ku England anaona kung'anima padzuwa. Pasanathe tsiku, kumwamba kunayaka mitundumitundu mpaka ku Cuba, mawaya a telegalafu anathetheka moto, ogwira ntchito ena anagwidwa ndi shoko. Mu Malichi 1989 namondwe wina wa dzuwa, wocheperapo, anazimitsa magetsi ku Quebec kwa maola 9, anthu pafupifupi 6 miliyoni ali mumdima. Komabe ngakhale wa 1859 uja sanasiye m'mitengo chipsera chofanana ndi cha 774.

Mu 774 kunalibe thiransifoma yoti ipse, kunalibe setilaiti, kunalibe ndalama za mufoni. Ife tili nazo zonse, ndipo ambirife mpamba wathu umagona mmenemo. N'chifukwa chake akatswiri akupalabe mitengo yakale mzere ndi mzere, kuti adziwe kuti zoterezi zimabwera kangati. Apeza kale zingapo. Mu 2023 analengeza ina yoposa ya 774, ya zaka pafupifupi 14,300 zapitazo, imene anaipeza m'mitengo ya paini yokwiririka m'mbali mwa mtsinje wa Drouzet ku France.