NYIMBO ZOPANDA MAU: MBIRI YA POST-ROCK

Ife kuno nyimbo timaiyesa ndi uthenga wake. Woimba akatsiriza timafunsana kuti, "Kodi wati chiyani?" ndipo ngati sanalangize, sanadzudzule kapena kulira maliro, timati wangotisokosera. Tsono pali mtundu wina wa nyimbo, wotchedwa post-rock, umene oimba ake ambiri satsegula pakamwa ngakhale nyimboyo italike mphindi 20. Ine ndimaukonda zedi, ndipo ndafuna kuti tilondole mbiri yake, tione chimene chimakokera anthu ku nyimbo yosatchula kanthu.

Dzinali linafala m'chaka cha 1994, pamene mlembi wa ku England, Simon Reynolds, analemba m'magazini ya Mojo za chimbale cha gulu la Bark Psychosis chotchedwa Hex. Iye anaona kuti anyamatawo anali ndi zida zonse za rock, magitala, besi ndi ng'oma, koma anazipatsa ntchito ina. M'nyimbo ya rock magitala amaperekeza woimba, vesi ndi kolasi zimasinthana, ndipo pakatha mphindi zitatu zonse zatha. Apa magitala analeka kuperekeza, nayamba kuyala phokoso pang'onopang'ono monga nkhungu ikamakuta phiri.

Komatu mwana amabadwa dzina lisanaperekedwe. Cha m'ma 1970 ku Germany kunali magulu monga Can la ku Cologne ndi Neu! la ku Düsseldorf, amene anatopa ndi kutsanzira oimba a ku America, nayamba kubwereza kagundidwe kamodzi ka ng'oma kwa nthawi yaitali. Zaka zomwezo ku Jamaica King Tubby ankachotsa liu la woimba pa nyimbo zojambulidwa kale, n'kusiya besi ndi ng'oma zikulindima. Onsewa anasonyeza kuti nyimbo ingathe kuima payokha mwini mau atakhala pansi.

Amene anatsegula njira kwenikweni ndi magulu awiri osadziwana. Talk Talk la ku London, lotsogozedwa ndi Mark Hollis, linali lotchuka ndi nyimbo zovinira monga "It's My Life" ya 1984. Litapeza ndalama, linadzitsekera m'chipinda chojambuliramo miyezi yambiri, nthawi zambiri mumdima, oimba akungoimba chimene chawafikira, kenaka n'kusankhamo tizidutswa. Zotsatira zake ndi Spirit of Eden ya 1988. Eni kampani ya EMI anagwa mphwayi chifukwa munalibe nyimbo yoti n'kugulitsa pa wailesi, ndipo posakhalitsa anasiyana nalo gululo. Kutsidya kwa nyanja, ku Louisville m'chigawo cha Kentucky, anyamata anai a gulu la Slint anatulutsa Spiderland mu 1991, gulu lao litapasuka kale. Mau analimo, koma ambiri anali onong'ona ndi olankhula. Chimene chinatsala m'makutu a anthu ndi bata lalitali losweka mwadzidzidzi ndi phokoso.

Mbeuyi inamera m'mizinda yotalikirana. Ku Chicago gulu la Tortoise linatsegula chimbale chake cha 1996 ndi "Djed", nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi 21. Ku Glasgow gulu la Mogwai linatseka Young Team ya 1997 ndi nyimbo ya mphindi 16. Ku Iceland woimba wa Sigur Rós, Jónsi, ankakhwekhweza zingwe za gitala ndi uta monga achitira woimba kaligo, ndipo pa chimbale chao cha 2002 anaimba mau osakhala a chinenero chiri chonse, liu lake n'kusanduka chida ngati zinzake.

Nanga chokoka anthu n'chiyani? Choyamba, ine ndikuti, ndi kudikira. Nyimboyi imayamba ndi kaphokoso kamodzi, kabwerezedwe, kawonjezeredwe chida china, mpaka womvera adziwe kuti chimvula chiri pafupi ngakhale sadziwa mphindi yake. Chikagwa, chimakoma chifukwa unachiyembekeza. Chachiwiri ndi ufulu. Woimba wa mau amakuuza chimene ulire nacho, pamene nyimbo yopanda mau imakusiyira malo oikamo chisoni chako kapena chimwemwe chako. Chachitatu, siifuna womasulira: Mono la ku Tokyo limamveka chimodzimodzi ku Zomba ndi ku Berlin.

Anzanga ena amati kukhala chete ndi mantha, kuti woimba wosatchula kanthu wathawa nkhani za dziko. Mbiri ya Godspeed You! Black Emperor, gulu la ku Montreal loyamba mu 1994, imatsutsa zimenezi. Iwo alibe woimba, koma amalowetsa m'nyimbo zao mau a alaliki a m'misewu ndi a anthu wamba ojambulidwa pa tepi, akuonetsa mafilimu pakhoma, ndipo womvera sakayika kuti akulirira mizinda yoonongedwa ndi umbombo ndi nkhondo. Atapambana mphotho ya Polaris mu 2013 sanapite kukailandira. Anadzudzula phwandolo, nalengeza kuti ndalamazo, madola 30,000 a ku Canada, zigulire akaidi a ku Quebec zida zoimbira.

Ngozi yeniyeni inachokera kwina, ndiko kukondedwa. A mafilimu anazindikira kuti nyimbozi zimagwira mtima msanga. "East Hastings" ya Godspeed inamveka mu 28 Days Later ya 2002, ndipo Explosions in the Sky la ku Texas linaimbira Friday Night Lights ya 2004. Apo panabuka magulu ochuluka otsata njira imodzi: yamba motsitsa, kwera, phulika, tsika. Chimene chinayamba ngati kukana malamulo a rock chinapeza malamulo akeake, ndipo n'chifukwa chake ena mwa oyambitsawo, monga a Mogwai, sanalikonde dzina la post-rock.

Komabe mu 2021, patatha zaka zoposa 25 chiyambire, Mogwai anafika pa nambala 1 ya zimbale zogulidwa ku Britain ndi As the Love Continues. Kwa ine ichi chikutanthauza kuti alipobe anthu ambiri ololera kukhala pansi, kudikira, ndi kudzipezera okha tanthauzo. Amene akukayika ayambe ndi Spirit of Eden, aimvere yonse osailumpha, ndipo tidzatsutsane akatsiriza.