Akuba ofuna dipo: kuchokera pa disiketi ya 1989 mpaka ku Vastaamo

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mbiri ya umbava wa pa kompyuta wotchedwa ransomware. Ambirife tinaumva bwino mu Febuluwale 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti yaima chifukwa akuba alowa m'makompyuta a Immigration ndipo akufuna dipo. Komatu umbavawu ndi wakale.

Mu Disembala 1989, katswiri wa biology wa ku America, Joseph Popp, anatumiza pa positi madisiketi pafupifupi 20,000, ena mwa iwo kwa anthu ofufuza za Edzi. Disiketiyo inkaoneka ngati ya maphunziro, koma kompyuta ikayatsidwa ka 90, mafayilo ankabisika ndipo pankatuluka uthenga woti mwini wake atumize madola 189 ku bokosi la positi ku Panama. Kwa zaka pafupifupi 30 nzeru inali yomweyo: kukutsekera katundu wako, n'kukugulitsa kiyi. Mankhwala akenso anali odziwika, kusunga kope ina pambali.

Chakumapeto kwa 2019 gulu lotchedwa Maze linasintha kabedwe. Linayamba kukopera mafayilo lisanawatseke, ndipo wokana kulipira ankawaona ataikidwa poyera pa intaneti. Apa kope ya pambali ija sithandizanso, chifukwa chimene akukugulitsa si kiyi ayi, koma kukhala chete kwawo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya ku Finland. Vastaamo inali kampani yopereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo. Mu Okutobala 2020 zinadziwika kuti wakuba anatenga zolembedwa za odwala pafupifupi 33,000: mayina, nambala za unzika, ngakhalenso zimene munthu anaulula kwa phungu wake chitseko chili chotseka. Taganizirani, za m'banja, za mowa, za maganizo ofuna kudzipha. Wakubayo anauza kampani kuti ilipire ma bitcoin 40, pafupifupi ma euro 450,000. Itakana, anayamba kutulutsa mafayilo a anthu 100 tsiku lililonse. Kenako odwalawo anayamba kulandira makalata aliyense payekha: lipira ma euro 200, ukachedwa maola 24 akwera kufika 500. Kampaniyo inagwa mu 2021. Aleksanteri Kivimäki anagwidwa ku France mu 2023, ndipo mu Epulo 2024 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 6 ndi miyezi itatu. Boma la Finland linafika poganiza zofewetsa lamulo kuti munthu azitha kusintha nambala yake ya unzika. Nambala imasinthika, inde, nanga zimene unalira nazo pamaso pa phungu?

Kodi kulipira kumathandiza? Ife aphunzitsi tili ndi chitsanzo chathuchathu. Mu Disembala 2024 kampani ya PowerSchool, yosunga mbiri za ana asukulu ku America ndi Canada, inaberedwa ndipo inalipira pokhulupirira kuti mafayilowo afafanizidwa. Pofika Meyi 2025, masukulu ena anali akuopsezedwanso ndi mafayilo omwewo. Ineyo sindidabwa. Malonjezo a mbava ndani angawatengere kukhoti?

N'chifukwa chake munthu akamva kuti zake zatuluka, nkhondo imasamukira pa foni yake. Amene akukuimbirani akhoza kutchula dzina lanu lonse, tsiku lobadwa ndi sukulu ya mwana wanu, koma zimenezo si umboni woti ndi wa ku banki. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala imene mukuidziwa, ndipo PIN kapena nambala yobwera pa SMS musauze munthu. Password imene munaigwiritsa ntchito malo angapo isintheni ponseponse. Kalata yoopseza musayankhe, koma musaifafanizenso, apolisi adzaifuna.

Nditawerenga za Vastaamo ndinatsegula flash yanga. Ndinapezamo magiredi a ana amene anamaliza Fomu 4 zaka 8 zapitazo, manambala a makolo awo, ndi kalata ya mtsikana wina wofotokoza chifukwa chimene anasiyira sukulu. Flash yomweyo ndakhala ndikuibwereketsa mu staff room osaganizako kawiri. Ndinafafaniza zonsezo usiku womwewo, koma makompyuta amene flashyo inalowamo sindingawawerenge.