Singularity ndi masamu a Einstein pa kompyuta

Singularity ndi malire amene masamu a Albert Einstein a 1915, ofotokoza mphamvu yokoka, amagomerapo, chifukwa pamenepo kuthinana kwa zinthu ndi kupindika kwa malo ndi nthawi zimakula mopanda mapeto. Mu 1965 Roger Penrose anasonyeza kuti nyenyezi yaikulu ikadzigwera m'kati, malirewa sapeweka. Stephen Hawking anagwiritsa ntchito mfundoyi pa chiyambi cha chilengedwe, ndipo mu 1973 analemba buku la nkhaniyi limodzi ndi George Ellis, wobadwira ku Johannesburg.

Chimene chinatsala n'kudziwa zimene zimachitika poyandikira malirewo. Mu 1970 Belinski, Khalatnikov ndi Lifshitz a ku Soviet Union anati kumeneko kachigawo kalikonse ka mlengalenga kamachita zakezake kosalabadira anzake: kamafinyika mbali ziwiri uku kakutamuka mbali yachitatu, kenako mbalizo n'kusinthana, kusinthananso, osaleka. Pensulo ndi pepala sizikanatha kutsimikizira zimenezi. Kuyambira 1993 Beverly Berger ndi Vincent Moncrief anaika masamuwa pa kompyuta, ndipo anapeza chinthu chimene sanachiyembekezere, timinga tosongoka totumphuka pa malo ochepa pomwe kachigawo sikamvana ndi oyandikana nako. Mu 2004 David Garfinkle anawerengera mlengalenga wosafanana mbali iliyonse, ndipo kusinthana kuja kunaonekadi.

Chovuta n'chakuti kompyuta singasunge nambala yopanda mapeto; ikaifika, pulogalamu imangofa. Ofufuza za chiyambi cha chilengedwe amasintha kawerengedwe ka nthawi kuti aziyandikira malirewo osawafika. Ena mwa ofufuza za black hole, chimene chimatsala nyenyezi yaikulu ikadzigwera m'kati, amangodula chigawo cham'kati n'kuchitaya, popeza palibe chotulukamo. Ndi njira yachiwiriyi, Frans Pretorius, wochokera ku South Africa, anakhala woyamba kuwerengera mpaka kumapeto kugundana kwa ma black hole awiri ozungulirana mu 2005.

Nkhaniyi imafika mpaka ku migodi ya Rustenburg ku South Africa, kumene anthu amalowa pansi kukakumba platinamu mu Merensky Reef, mtsempha wa miyala umene unapezeka mu 1924. Miyala ya Bushveld, momwe muli mtsemphawu, ili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni, koma platinamuyo ndi wakale kuposa dziko lapansi lenilenilo. Makompyuta anathandiza kufotokoza kumene anachokera. Mu 2000 Masaru Shibata ndi Kōji Uryū anawerengera kugundana kwa nyenyezi ziwiri za neutron. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti pakati pamatha kubadwa black hole, pomwe zina mwa zinthuzo zimamwazikira kunja n'kupanga zitsulo zolemera. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ndi Virgo, oyezera mafunde a mphamvu yokoka, anamva kugundana kotereku mu mlalang'amba wa NGC 4993, ndipo kuwala kwake kunagwirizana ndi zimene makompyuta analosera. Asayansi ambiri amati gawo lalikulu la golide ndi platinamu linapangika motere, ngakhale akukanganabe za kukula kwa gawolo.