Kodi Umayamba Kufika Pansi Ndi Uti: Mwala Waukulu Kapena Waung'ono?

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, funso lathu lero ndi ili: mutatenga miyala iwiri, wina waukulu ngati dzungu, wina waung'ono ngati dzira, ndi kuigwetsa nthawi imodzi kucokera pamwamba, ndi uti umene ungayambe kufika pansi? Ambiri a inu mwayankha kale mumtima kuti waukuluwo. Musacite nalo manyazi yankho limeneli, pakuti ndilo limene anthu ophunzira kwambiri anali kuphunzitsa kwa zaka pafupifupi 1,900. Komabe yankholi nlolakwa, ndipo lero timve m'mene kulakwa kwake kunapezekera.

Mbiriyi iyambira ku dziko la Greece, kwa munthu wanzeru dzina lake Aristotle, amene anabadwa m'caka ca 384 B.C. namwalira m'caka ca 322 B.C. Iye anali ndi sukulu yake mu mzinda wa Athens, ndipo analemba za nyama, za nyenyezi, za kaweruzidwe ka maiko ndi zina zambiri. Pa za kugwa kwa zinthu anaphunzitsa kuti liwiro la cinthu limalingana ndi kulemera kwake. Ndiko kunena kuti mwala wolemera kakhumi kuposa unzake uyenera kugwa mofulumira kakhumi kuposa unzakewo. Ciphunzitsoci cinali cosavuta kucikhulupirira cifukwa maso anali kucivomereza. Ndani sanaone cipatso cikugwa kuti thi! pamene tsamba la mtengo womwewo likali kuzungulira m'mwamba? Tsono popeza Aristotle anali wochuka, aphunzitsi a mibadwo yambiri anangolandira mau ake ndi kuwapereka kwa ana awo.

Koma analipo ena amene anakayika. M'zaka za m'ma 500 A.D., mu mzinda wa Alexandria ku Egypt, muno m'Afirika, mphunzitsi wina dzina lake John Philoponus analemba kuti munthu akagwetsa zinthu ziwiri, cina colemera kwambiri kuposa cinzake, kusiyana kwa nthawi imene zifikira pansi kumakhala kocepa zedi. Mau akewa sanathe kucotsa ciphunzitso cakale m'masukulu. Patapita zaka cikwi, Simon Stevin wa ku Holland anayesa nkhaniyi ku Delft. Anatenga mipira iwiri ya mtovu, wina wolemera kakhumi kuposa unzake, naigwetsera pa thabwa kucokera pa msinkhu wa mamita pafupifupi 9. Mipirayo inagunda thabwalo pamodzi, kotero kuti phokoso linamveka ngati limodzi. Zimenezi anazisindikiza m'caka ca 1586.

Amene anaigwira nkhaniyi mpaka kuimaliza ndi Galileo Galilei, wobadwira ku Pisa m'dziko la Italy m'caka ca 1564. Iye anafunsa funso limene inunso mungathe kulitsata. Tinene kuti Aristotle ananena zoona. Tsono timange mwala waung'ono ku mwala waukulu ndi cingwe, ndi kuigwetsa. Popeza waung'onowo uyenda pang'onopang'ono, uyenera kucedwetsa waukuluwo. Koma miyala iwiri yomangidwa pamodzi ilemera kuposa waukulu uja pa wokha, conco iyenera kugwa msanga kuposa kale. Kodi katundu mmodzi yemweyo angacedwe ndi kufulumira pa nthawi imodzi? Sizitheka. Njira yotulukira ndi imodzi yokha: miyala yonse igwa ndi liwiro lofanana.

Mwina munamva kuti Galileo anakwera nsanja yopendekeka ya ku Pisa ndi kugwetsa mipira anthu akuona. Nkhaniyo inalembedwa ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani, Galileo atamwalira kale, ndipo m'zolemba za mwini wakeyo simupezeka. Cimene iye analongosola yekha ndi nchito ina yofuna kudekha kwambiri. Cinthu cakugwa cimathamanga kotero kuti mawoci a masiku amenewo sakanatha kuyesa nthawi yake. Conco Galileo anatenga thabwa lalitali, nasema ngalande yosalala pakati pake, nalitsamiritsa kuti mpira wa mkuwa uzigubuduka pang'onopang'ono. Nthawi anali kuiyesa ndi madzi. Mpira ukayamba kuyenda, madzi anali kutuluka m'ciwiya cacikulu kudzera m'kapaipi ndi kugwera m'cikho, ndipo pambuyo pake anali kuwayesa pa sikelo. Madzi ambiri ndiyo nthawi yaitali. Anabwereza zimenezi kambirimbiri.

Cimene anapeza ndi ici: cinthu cakugwa cimaonjeza liwiro mwa dongosolo losasintha. Ngati pa kanthawi koyamba mpira wayenda muyeso 1, pa kaciwiri uyenda miyeso 3, pa kacitatu 5, pa kacinai 7. Lero tidziwa kuti mwala umagwa mamita pafupifupi 5 pa sekondi yoyamba, ndipo pakutha masekondi awiri umakhala utagwa mamita pafupifupi 20. Pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamene phompho lifika mamita 108, mwala ungatenge masekondi pafupifupi asanu kuti ufike pansi. Galileo analemba zonsezi m'buku lake lotsiriza, limene linasindikizidwa ku Leiden m'caka ca 1638, iye ali nkhalamba yosaona, wotsekeredwa m'nyumba mwake pafupi ndi Florence. Anamwalira m'caka ca 1642.

Nanga tsamba lija licedweranji? Cimene cilicedwetsa ndi mpweya. Mpweya umakaniza ciliconse codutsa mwa iwo, ndipo umagonjetsa msanga zinthu zopepuka ndi zotambasuka. Amai akamapeta mapira pa licero amagwiritsa nchito mfundo yomweyi, pakuti mphepo imatenga mankhusu koma mbeu zimagwera pansi. M'caka ca 1659, ku Oxford ku Mangalande, Robert Boyle ndi Robert Hooke anapanga pampu yocotsera mpweya m'ciwiya ca galasi. M'zaka zotsatira akatswiri anagwetsa ndalama yacitsulo ndi nthenga m'botolo lalitali lopanda mpweya, ndipo ziwirizo zinafika pansi limodzi.

Funso lina linatsala. Dziko limakoka mwala waukulu ndi mphamvu yoposa imene limakokera waung'ono, ndiye cifukwa cake umatilemera m'manja. Nanga ulekeranji kugwa msanga? Yankho linacokera m'malamulo a kayendedwe ka zinthu amene Isaac Newton anasindikiza m'caka ca 1687. Cinthu cokhala ndi thupi lalikulu cimavutanso kuciyendetsa. Taganizani za munthu mmodzi akukoka thumba limodzi la cimanga, ndi anthu khumi akukoka matumba khumi omangidwa pamodzi. Anthu khumiwo ali ndi mphamvu zoposa kakhumi, koma katundu wawonso ndi woposa kakhumi, conco onse ayenda mofanana. Ndi m'mene zilili ndi miyala yathu ija.

Umboni umene anthu ambiri anauona ndi maso awo unacokera ku mwezi, kumene kulibe mpweya. Pa 2 Ogasiti 1971, David Scott, mtsogoleri wa ulendo wa Apollo 15, anaima patsogolo pa kamera ya wailesi ya kanema, nyundo yoposa kilogalamu imodzi ili ku dzanja lina, nthenga ya mbalame ku dzanja linalo. Anazileka nthawi imodzi, ndipo zinafika pa fumbi la mwezi nthawi imodzi.

Tsono aphunzitsi, tikupemphani kuti musangowauza ana yankho ili kuti aloweze, pakuti kutero ndiko kubwereza colakwa ca zaka 1,900 zija. Aloleni ayese okha. Mwana mmodzi aimirire pa benci yolimba ndi kugwetsa miyala iwiri yosiyana, anzake akhale patali pang'ono ndi kumvetsera ngati phokoso likhale limodzi kapena awiri. Kenaka tengani mapepala awiri ofanana, limodzi mulikwinye ngati mpira, linalo mulisiye lotambasuka. Kulemera kwao nkumodzi, koma sadzafika pansi limodzi. Potsiriza ikani kapepala kakang'ono pamwamba pa buku ndi kugwetsa bukulo cogona. Bukulo lidzakankha mpweya m'njira, ndipo kapepalako kadzatsika nalo pamodzi.

Inu ana, lembani m'makope anu cimene muganiza kuti cicitike musanayese, ndipo mulembenso cimene mwaona mutayesa. Ngati ziwirizo zasiyana, bwerezani katatu, ndipo mufunsane cifukwa cake musanapite kwa aphunzitsi.