Kuphunzitsa ndi kuyesa luso losamalira odwala

Kuphunzitsa ndi kuyesa luso losamalira odwala ndi gawo la maphunziro a zaumoyo limene limakhudza ntchito zogwira ndi manja, monga kusamba m'manja moyenera, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala amene sangathe kudzuka, kumudyetsa, kumuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kutsuka bala, ndiponso kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Ntchitozi zimagwiridwa ndi anamwino, azamba, othandizira anamwino m'mawodi, alangizi a zaumoyo a m'midzi komanso osamalira okalamba. Luso lotere limasiyana ndi nzeru za m'buku, chifukwa munthu akhoza kulemba yankho lolondola papepala koma n'kulephera kuchita chinthucho pa wodwala weniweni. Pa chifukwa chimenechi, sukulu za zaumoyo zimaphunzitsa lusoli pochita kuonetsa ndi kubwerezabwereza, ndipo zimaliyesa poonerera wophunzira akugwira ntchitoyo.

Kufunika kwake

Ntchito zosamalira odwala zimaoneka zing'onozing'ono, koma zikalakwika zimavulaza kapena kupha. Wodwala amene wagona mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda m'malo amene fupa lili pafupi ndi khungu, monga m'chiuno, kumunsi kwa msana ndi m'zidendene. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amaphunzitsidwa kumutembenuza pa maola awiri alionse. Wodwala wofa ziwalo akamwetsedwa phala ali chigonere, chakudya chikhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Manja osasamba amanyamula tizilombo kuchoka pa bedi lina kupita pa lina.

Mu 2009 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a ukhondo wa m'manja. Malangizowa amatchula nthawi zisanu zimene wogwira ntchito ayenera kuyeretsa m'manja: asanagwire wodwala, asanayambe ntchito yofuna ukhondo monga kubaya jakisoni, akakhudza magazi kapena madzi ena a m'thupi, akatha kugwira wodwala, ndiponso akagwira zinthu zozungulira wodwalayo. Kusamba ndi sopo kumayenera kutenga masekondi 40 mpaka 60, pamene kupaka mankhwala opha tizilombo kumatenga masekondi 20 mpaka 30. Kuloweza manambalawa n'kosavuta. Chovuta n'kuzolowera kuchita zimenezi tsiku ndi tsiku m'wodi yodzaza odwala.

Mbiri

Kale luso losamalira odwala linkaphunziridwa pa ntchito pomwepo. Florence Nightingale atatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London mu 1860, ophunzira ake ankatha nthawi yambiri m'mawodi akuyang'aniridwa ndi anamwino akuluakulu. Madokotala nawonso ankayamba ndi kuonerera, kenako n'kuyesa okha, pambuyo pake n'kuphunzitsa anzawo. Vuto la njirayi linali lakuti wophunzira ankalakwitsa koyamba pa thupi la munthu wodwala.

Pofuna kuchepetsa ngoziyi, anthu anayamba kupanga zidole zophunzirira. Mu 1911 Martha Chase, mayi wina wa ku America amene ankapanga zidole, anapangira sukulu ya anamwino ya chipatala cha Hartford chidole chachikulu ngati munthu. Chidolechi chinadziwika ndi dzina lakuti Mrs Chase, ndipo ophunzira ankachiveka zovala, kuchitembenuza ndi kuchinyamula. Mu 1960 Asmund Laerdal wa ku Stavanger m'dziko la Norway, yemwenso ankapanga zoseweretsa ana, anatulutsa chidole chotchedwa Resusci Anne chophunzirira kupumira munthu m'kamwa.

Chidole sichilankhula ndiponso sichichita manyazi. Choncho mu 1963 Howard Barrows, dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha pa University of Southern California, anayamba kuphunzitsa anthu abwinobwino kuti azichita ngati odwala. Munthu wotere amauzidwa zoti anene ndi mmene achitire, ndipo amachita chimodzimodzi kwa wophunzira aliyense. Mu 1975 Ronald Harden ndi anzake a ku Scotland anafotokoza m'magazini ya British Medical Journal mtundu watsopano wa mayeso umene masiku ano umatchedwa OSCE. Harden ankagwira ntchito pa yunivesite ya Dundee.

Njira zophunzitsira

Sukulu zambiri zili ndi chipinda chapadera chokonzedwa ngati wodi, mmene muli mabedi, zidole, magolovesi ndi zipangizo zina. Mmenemo wophunzira akhoza kulakwitsa popanda kuvulaza munthu.

Njira imodzi yodziwika bwino ndi imene Rodney Peyton, dokotala wochita maopaleshoni, anafotokoza mu 1998. Ili ndi magawo anayi:

1. Mphunzitsi amachita ntchito yonse pa liwiro lake la masiku onse, osafotokoza kanthu.
2. Amaibwereza pang'onopang'ono akufotokoza chilichonse chimene akuchita ndi chifukwa chake.
3. Wophunzira amatchula zoyenera kuchita, mphunzitsi n'kumachita zimene akuuzidwazo.
4. Wophunzira amachita yekha, akufotokoza zimene akuchita.

Gawo lachitatu limathandiza mphunzitsi kumva ngati wophunzira wasokoneza ndondomeko asanagwire chipangizo chilichonse.

Pambuyo poyeserera, mphunzitsi amayenera kuuza wophunzira nthawi yomweyo zimene wachita bwino ndi zimene walakwitsa. Ndemanga yothandiza imatchula chinthu chenicheni. Mwachitsanzo, potsitsimutsa munthu wamkulu amene mtima wake waima, wothandiza amadinikiza pachifuwa ka 30 kenako n'kumupumira kawiri. Amadinikiza mozama masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Kuuza wophunzira kuti sakudinikiza mozama mokwanira kumamuthandiza kuposa kungomuuza kuti alimbikire. Zidole zina zamakono zimaonetsa zokha ngati kuzama ndi liwiro zili bwino.

Akakhoza m'chipinda choyeserera, wophunzira amatumizidwa ku chipatala kumene amagwira ntchito moyang'aniridwa. Nthawi zambiri amakhala ndi kabuku kolembamo ntchito zimene wachita, ndipo womuyang'anira amasainira.

Njira zoyesera

Mu 1990 George Miller wa ku America anagawa luso la wogwira ntchito zachipatala m'masitepe anayi. Pansi penipeni pali kudziwa mfundo. Pamwamba pake pali kudziwa mmene mfundozo zimagwiritsidwira ntchito. Lachitatu ndi kuonetsa kuti ukhoza kuchita, ndipo lomaliza ndi zimene munthu amachitadi pa ntchito masiku onse. Mayeso olemba amafika pa masitepe awiri oyambirira okha. Masitepe awiri apamwamba amafuna kuti wina aonerere.

*Mayeso a OSCE*

Asanabwere mayeso a OSCE, wophunzira ankapatsidwa wodwala mmodzi kapena awiri, kenako n'kufunsidwa mafunso. Zotsatira zinkadalira mwayi, chifukwa wina ankakumana ndi matenda osavuta ndi woyesa wofatsa, pamene mnzake ankakumana ndi zovuta zokhazokha. Pa OSCE ophunzira onse amadutsa m'masiteshoni ofanana. Siteshoni iliyonse ili ndi ntchito imodzi, woyesa wake ndi nthawi yake, imene kawirikawiri imakhala mphindi 5 mpaka 15. Belu likalira, aliyense amasunthira kutsogolo. Popeza oyesa ndi ambiri, nkhanza kapena kukondera kwa munthu mmodzi sikusintha kwambiri zotsatira.

Woyesa amakhala ndi mndandanda wa zinthu zoyenera kuchitika. Pa siteshoni yotembenuza wodwala, mndandandawo ukhoza kufunsa ngati wophunzira wasamba m'manja, wapereka moni ndi kutchula dzina lake, watsimikiza kuti wodwalayo ndi woyenera, wamufotokozera zimene akufuna kuchita ndi kupempha chilolezo, watchinga ndi nsalu kuti anthu ena asaone, wayang'ana khungu ngati layamba kufiira, waika mapilo m'malo oyenera, ndiponso walemba nthawi imene wamutembenuza. Mfundo zina zimaonedwa kuti n'zosalakwitsika. Wophunzira amene wapereka mankhwala kwa wodwala wolakwika amalephera siteshoniyo ngakhale zina zonse atachita bwino.

Kuwonjezera pa mndandanda, woyesa amaperekanso maganizo ake pa ntchito yonse, ngati yakhala yokhutiritsa, yokayikitsa kapena yosakwanira. Zimenezi n'zofunika chifukwa munthu akhoza kuchita mfundo zonse za pa mndandanda koma mwankhanza kapena mosalemekeza wodwala.

*Kuyesa pa ntchito*

OSCE imafika pa sitepe lachitatu la Miller, koma siisonyeza mmene munthu amachitira usiku atatopa, palibe womuona. Choncho pali njira zina zoyesera m'wodi mwenimweni. Pa njira yotchedwa mini-CEX, imene inayambika ku America m'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi amaonerera wophunzira akuthandiza wodwala weniweni kwa mphindi pafupifupi 15 mpaka 20, kenako amakambirana naye. Njira ya DOPS, yochokera ku Britain, imayang'ana ntchito imodzi ya manja monga kuika diripi. Kuyesa kamodzi sikokwanira, motero zimabwerezedwa kangapo ndi oyesa osiyanasiyana.

Malamulo m'mayiko ena

Ku United States, lamulo la mu 1987 limafuna kuti othandizira anamwino m'nyumba zosamalira okalamba zimene zimalandira ndalama za boma aphunzire maola osachepera 75, ndipo ayesedwe pa zimene akudziwa ndi pa luso la manja.

Ku England, lipoti la Robert Francis la mu 2013 linafotokoza mmene odwala ankanyalanyazidwira pa chipatala cha Stafford, kumene ena ankasiyidwa pa zofunda zonyowa ndiponso osathandizidwa kudya ndi kumwa. M'chaka chomwecho Camilla Cavendish anafufuza za maphunziro a othandizira odwala ndipo anapeza kuti panalibe muyezo umodzi wotsatiridwa ndi onse. Zotsatira zake zinali setifiketi yotchedwa Care Certificate, imene inayamba mu 2015 ili ndi mfundo 15. Zina mwa mfundozo ndi kulemekeza wodwala, zakudya ndi zakumwa, kupewa kufala kwa matenda ndiponso kutsitsimutsa munthu. Kuyambira mu 2014, anamwino ophunzira kunja kwa Ulaya amene akufuna kugwira ntchito ku Britain, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amayenera kukhoza OSCE ya bungwe la Nursing and Midwifery Council.

Ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo

Ku Malawi anamwino ndi azamba amaphunzira m'sukulu monga Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences, yunivesite ya Mzuzu ndi makoleji a mipingo amene ali pansi pa bungwe la CHAM. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limavomereza maphunziro awo ndi kuwalembetsa kuti ayambe ntchito.

Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala zazing'ono za m'midzi amaphunzitsidwa luso limene limayesedwa poonerera. Chitsanzo ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 amene akupuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu amene akupuma ka 40 kapena kuposa, amaganiziridwa kuti ali ndi chibayo. Amaphunziranso kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu. Muyezo wochepera masentimita 11.5 umasonyeza kunyentchera koopsa.

Maphunziro a Helping Babies Breathe, amene anakhazikitsidwa mu 2010 ndi bungwe la American Academy of Pediatrics pamodzi ndi mabungwe ena, agwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Azamba amayeserera pa chidole chotchedwa NeoNatalie mmene angathandizire khanda kuyamba kupuma m'mphindi yoyamba litabadwa, ndipo amayesedwa ndi OSCE. Kafukufuku wa m'zipatala 8 za ku Tanzania, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti imfa za makanda m'maola 24 oyambirira zinatsika ndi 47 peresenti maphunzirowa atayamba.

M'zipatala zambiri za boma, ntchito yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala imagwiridwanso ndi achibale owadikirira, amene amadziwika kuti magadiyani. Ambiri a iwo sanaphunzirepo ntchitoyi, choncho kuwaonetsa kachitidwe kake ndi luso linanso limene namwino amafunika kukhala nalo.

Mavuto

OSCE imafuna zipinda, zipangizo, oyesa ambiri ndi anthu ochita ngati odwala, motero imadya ndalama ndi nthawi. Kumene ophunzira ndi ochuluka koma zidole n'zochepa, ena amangoonerera osagwira. M'mawodi mmene anamwino ndi ochepa, woyang'anira amasowa nthawi yoonerera wophunzira, ndipo kabuku kakhoza kusainidwa ntchitoyo isanaonedwe.

Ophunzira ena amaloweza mndandanda ngati sewero n'cholinga chongokhoza mayeso, ndipo ena amene amagwira bwino ntchito amasokonezeka ndi mantha belu likalira. Oyesa nawonso amasiyana popereka malikisi ngati sanaphunzitsidwe limodzi.

Luso limene siligwiritsidwa ntchito limaiwalika. Kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti luso lotsitsimutsa munthu limayamba kuchepa pakangotha miyezi yochepa chiphunzirireni. Pa chifukwa chimenechi, zipatala zina zimaika chidole m'wodi momwemo kuti ogwira ntchito aziyeserera kwa mphindi zochepa pafupipafupi, m'malo modikira maphunziro aatali a kamodzi pa chaka.