Kagwiridwe ka mfuti zazing'ono za m'manja

Kagwiridwe ka mfuti zazing'ono za m'manja ndi njira yoikira manja pa mfuti zopangidwa kuti zizinyamulidwa m'zovala, monga Glock 26 ndi SIG Sauer P365 yomwe inatuluka mu 2018. Mfutizi n'zopepuka ndipo zogwirira zake n'zazifupi, choncho zikawombedwa zimakankha dzanja ndi kudumpha kwambiri kuposa mfuti zazikulu za zipolopolo zofanana.

Mbiri

Kale anthu ambiri ankawombera ndi dzanja limodzi. Kugwira ndi manja awiri kunayamba kufala Jack Weaver, wapolisi wa ku Los Angeles, atapambana nako mpikisano ku Big Bear, California, mu 1959. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a mipikisano Rob Leatham ndi Brian Enos anatchukitsa kagwiridwe koloza zala zazikulu zonse ziwiri kutsogolo.

Kagwiridwe kake

Dzanja lowombera limagwira pamwamba penipeni pa chogwirira kuti mfuti isadumphe kwambiri. Dzanja linalo limaphimba malo otsala n'kufinya mwamphamvu. Pa mfuti ngati Glock 26, kachala kakang'ono kamasowa pogwira, ndiye ena amakapinda pansi pa chogwirira, pomwe ena amaika chosungira zipolopolo chachitaliko.

Ngozi

Chitsulo chapamwamba chimabwerera m'mbuyo mwaliwiro mfuti ikawombedwa, ndipo chimacheka chala chachikulu chikakhala kumbuyo kwake. Mfuti ikagwidwa mofooka, chipolopolo chotsatira chikhoza kukanirira. Pa zala palinso lamulo lalikulu: chala chamkombaphala sichikhudza kachitsulo kowombera kufikira munthu atakonzeka kuwombera.