Chibaba cha fodya: mungachigonjetse bwanji?

Chibaba sichibwera mwangozi. Nikotini wa mufodya amazoloweretsa ubongo kuyembekezera ndudu pa nthawi zodziwika: mukangotha kudya, pomwa tiyi kapena mowa, mukapsa mtima, ngakhale pabawo ndi anzanu osuta.

Mukasiya kusuta, chibaba chimavuta kwambiri sabata yoyamba, koma chikabwera chimazirala pakangopita mphindi zochepa. Nzeru yake n'kupirira mphindi zimenezo. Imwani madzi, kokani mpweya pang'onopang'ono, yendaniko kapena tafunani nzimbe.

Sinthaninso zizolowezi. Mukatha kudya, nyamukani mukatsuke mano. Musayende ndi machesi m'thumba. Pewani mowa masabata oyambirira ndipo auzeni anzanu kuti asakupatseni ndudu.

Mukapezeka kuti mwasutanso, musataye mtima, yambiraninso tsiku lomwelo. Zikakuvutani, kafunseni uphungu kuchipatala.